Kuchezera pa bawo: malangizo kwa wofuna kukhala pakati pa madala a ku Zomba

Kusewera bawo sikuvuta kuphunzira. Maenje ndi 32 m'mizere inayi, nkhomo ndi 64, ndipo mwana wa mutu wabwino akaonerera sabata imodzi amadziwa kale kutakata (kusewera osadya), kudya ndi kuteteza nyumba, dzenje lapadera limene wosewera amasungamo nkhomo zambiri. Chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi macheza ozungulira bawoyo. Osewera amakhala awiri okha, koma olankhula amakwana khumi, ndipo ambiri mwa khumiwo sanabwerere nkhomo ayi. Abwera kudzaseka, kudzakumbutsana zakale ndi kudzatsutsana pa tinthu tosapindulitsa aliyense. Ndaona anyamata odziwa bawo kwambiri akulephera kukhazikika pabwalo pathu ku Chinamwali chifukwa cha pakamwa. Ndaonanso mdala amene sapambana n'kamodzi komwe, koma tsiku limene sanabwere aliyense amafunsa ngati wadzuka bwino.

Kafikidwe

Mukafika, perekani moni kwa onse kuyambira akuluakulu, koma wosewera amene ali pakati powerenga musiyeni kaye. Mumuzindikira: mutu wazyolika, chala chikuyendayenda pamwamba pa maenje osakhudza nkhomo, milomo ikugwedera. Kumupatsa moni munthu wotere n'kumutayitsa masamu onse, ndipo akadyedwa adzati ndinu. Dikirani adzutse mutu.

Poitana munthu, "madala", "akulu" ndi "achimwene" sizilakwika. Kuno ku Zomba Ayao ndi ambiri, ndiye mukamva anzake akuika "Che" patsogolo pa dzina la munthu, inunso teroni. Mayina achipongwe musawathamangire. Pabwalo lililonse pali wina amene amatchedwa Sajeni kapena Nduna, ndipo dzinalo lili ndi mbiri yake imene inu simunaione. Kulitchula tsiku loyamba ndi mwano.

Chitsa chooneka chopanda munthu kawirikawiri chili ndi mwini wake, wangopita kumzikiti kapena kukagula fodya. Funsani musanakhale, apo ayi njerwa zilipo. Ndipo musauzire wosewera, ngakhale mukuona poyera kuti akudziponya m'dzenje. Kuuzira kuli ndi eni ake amene akhala akuuzira molakwika kwa zaka zambiri ndipo anakhululukidwa kale. Inu mukayerekeza mumva wina akuti, "Eee, ndiye kuti talemba kochi watsopano?" Akamadutsa mayi wa mtedza kapena chinangwa chophika, gulani choti dzanja lililonse lipisemo. Zimenezo zimalankhula bwino kuposa chilichonse chimene mukananena tsiku limenelo.

Chipongwe

Mutonzeni munthu pa zimene wachita pathabwa pomwepo. Wadyedwa nkhomo khumi chifukwa chosawerenga bwino: "Madala, lero mwabwera kudzagawa chithandizo?" Wakhalitsa osasewera: "Akulu, tikakutengereni bulangete mugone pomwepa?" Wakakamira nyumba yake, osafuna kuigwetsa mpaka masewero amuthera: "Nyumbayo mukusungira ana?" Zoterezi munthu amaseka chifukwa mawa akhoza kubweza.

Zimene sangabweze mawa musazikhudze. Kusowa mphatso ya mwana, banja lotha, matenda, ngongole yeniyeni, mnyamata wake amene ali kundende: zimenezi aliyense pabwalopo amazidziwa ndipo aliyense amazilambalala. Chipembedzo chimodzimodzi. Pabenchi limodzi pamakhala shehe, mkulu wa mpingo, ndi wina amene sanapondenso m'tchalitchi chikwatirireni, ndipo akhala akubwerekana machesi kwa nthawi yaitali chifukwa nkhani imeneyo saiyamba.

Tsiku lina mudzamva awiri akunyozana koopsa, wina akuti mnzake anakwatira chifukwa cha chisoni cha akazi, mpaka mudzaganiza kuti ndeu yafika. Musaleretse, komanso musathandizire. Anthu amenewo amakhala pachilamu kapena pachisuweni, ndipo mwambo unawapatsa chilolezo chimene inu mulibe. Mawu omwewo akatuluka pakamwa panu ndi mlandu wa kwa amfumu.

Nthawi yoponyera nthabwala ndi pamene nkhomo yomaliza yagwa ndipo aliyense waona zotsatira zake. Ikhale yaifupi. Musayambe kuseka musanaimalize, musaifotokoze ngati sinamveke, ndipo ikakoma musaibwereze, asiyeni ena aibwereze okha. Anyamata ena amabwera ndi nthabwala zoloweza za pa foni. Sizigwira, chifukwa sizikunena za munthu aliyense amene ali pompo.

Tsiku limene adzayambe kutonza inuyo, dziwani kuti mwalandiridwa. Musakwiye, musadziteteze. Vomerani n'kuwonjezerapo. Akati, "Mwana uyu nkhomo amangoziperekeza," inu muti, "Ndikuopa kuti ndikawadya madalawa BP ikwera, a kunyumba andiimba mlandu."

Mpira wokha ndiwo ulibe malire. Maule ndi Manoma akhoza kung'ambana masana onse popanda wotupa mtima, ndipo wa Red Lions, amene nthawi zambiri amakhala msilikali wopuma wa ku Cobbe Barracks, amalowerera uku ndi uku malinga ndi amene wagonja sabata imeneyo. Ngati mulibe timu, sankhani imodzi. Munthu wopanda timu pabwalo amakayikitsa.

Zakale

Apa ndiye pamene ambiri amaphonya. Nkhani zakale sizibwera poziitana. Mukati, "Madala, tatiuzaniko za kale," akuyankhani kuti "Kale kunali bwino, mwanawe," nkhani yathera pomwepo. Funsani za chinthu chimodzi chogwirika, ndipo ngati n'kotheka funsani mtengo wake. Wailesi ya Nzeru munaigula kuti? Nsapato yoyamba ya Bata munaivala muli sitandade chani? Basi ya UTM yopita ku Blantyre inkaima pati? Funso lotere limatsegula pakamwa pa anthu asanu nthawi imodzi, chifukwa aliyense ali ndi yankho lake ndipo mayankhowo sagwirizana.

Chinthu chogwira m'manja chimaposa funso. Mdala wina amene anapuma ntchito ku Government Print amayenda ndi 20 tambala yakale m'kachikwama kachikopa, yokulungidwa m'karisiti kothaitha. Mbali ina kuli mutu wa Kamuzu, mbali ina njovu ndi mwana wake, ndipo inafufutika moti chitamba cha njovuyo chimaoneka pokhapokha mutaipendeketsa padzuwa. Akaitulutsa n'kuiika m'mphepete mwa bawo, masewero amaima okha. Wina amayamba kufotokoza kuti kwacha inabwera mu 1971, kuti paundi imodzi inasinthidwa ndi K2, ndiye kuti sheleni inali 10 tambala, ndipo kandalama aka kanali masheleni awiri. Wina akumbukira kuti pa 10 tambala panali chimanga, pa 1 tambala panali tambala weniweni. Kenako aliyense amatchula zimene ankagula ndi njovuyo pamsika wa Zomba, ndipo mulu wa matemba a ku Chilwa umanka nukula pakamwa pa wolankhula aliyense. Wotsiriza amakhala atagula matemba, tomato, mchere, n'kutsalanso chenji cha basi.

Ngati muli ndi kanthu kotere kunyumba, chithunzi cha ku situdiyo cha agogo, khadi lakale la msonkho, sitampa, bweretsani. Koma bweretsani kamodzi kokha pa tsiku, ndipo mukatulutse masewero atazizira, osati pamene awiri akulimbana.

Inu achinyamata muli ndi zanu zakale, musadziderere. Pepala la K500 linatuluka mu 2001, ndipo alipo ambiri amene amakumbukira kuti kulitulutsa pagolosale kunali kuvutitsa wogulitsa. La K1000 linabwera mu 2012, la K2000 mu 2016, la K5000 mu 2022. Mukangotchula mndandanda umenewo, madala amagwedeza mitu, wina n'kukumbutsa za November 2023 pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Zikafika apo bwezani nkhani msanga ku matemba, chifukwa ya kugwa kwa kwacha sichedwa kusanduka maliro.

Kwa mdala wa ku Zomba, nkhani iliyonse yakale imakathera pa likulu. Muyambe ndi nsapato, muyambe ndi mpira, mudzafikabe pa 1975, chaka chimene likulu linapita ku Lilongwe. Pamenepo wina amanena mawu amene ndakhala ndikuwamva chiyambire kukhala pabwalo: "Anatenga boma n'kutisiyira ndende, asilikali ndi chipatala cha amisala." Anthu amaseka ngati kuti akuwamva koyamba. Inunso sekani. Mukafuna kuwonjezera moto, kumbutsani kuti anatisiyiranso Chancellor College, imene inasamukira kuno mu 1973. Wina ayankha kuti ana a sukuluwo ndi amene anakweza lendi ku Chikanda, ndipo mwapeza nkhani ya ola lina lathunthu.

Koma kale lisakome mopitirira. Ine macheza amene aliyense akungovomereza kuti zonse zinali bwino amanditopetsa, ndiponso ndi bodza. Nthawi yomweyo imene 20 tambala inkagula mulu wa matemba, pachipata cha msika pankaima anyamata a Youth League ofunsa khadi la chipani cha MCP, ndipo wopanda khadi sankalowa. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi buluku ndi siketi yaifupi, amuna tsitsi lalitali linali mlandu, ndipo zinakhala choncho mpaka 1993. Wailesi ya m'dziko muno inali imodzi, ya MBC. Kanema wathu anayamba mu 1999. Ndipo ndende ya Mikuyu ili pompano, kumene anthu, ena mwa iwo aphunzitsi a pa Chancellor College pomwepa, ankatsekeredwa osazengedwa mlandu.

Zimenezi musazibweretse mowaphunzitsa. Madalawo anaziona ndi maso, inu munangowerenga. Ponyani kafunso: "Nanga khadi munkasunga thumba liti?" Mumva nkhani zoseketsa kuposa zonse, za munthu amene anagulira khadi mwana ali kumbuyo, za wina amene anameta tsitsi ndi lezala kuseri kwa depoti, za khadi limodzi loyenda m'manja mwa abale anayi. Anthu amaseka mpaka misozi. Komabe pamene akusekapo yang'anani amene wangoti duu, maso pa nkhomo. Mwina mbale wake anatengedwa usiku osabwerera, mwinanso iye ndi amene ankaima pachipata paja. Mukamuona, funsani kuti kodi ndani akusewera, nkhani ipite kwina.

Pali vuto la mdala wobwereza nkhani. Musanene kuti "tinamva kale". Choyamba ndi mwano, chachiwiri mukudzimana, chifukwa nkhani yobwerezedwa imakula. Basi imene chaka chatha inafera pa Thondwe chaka chino yafera pa Namadzi, ndipo mtunda umene anayenda wapansi atasenza sutikesi watalika nawo. Chochita ndi kufunsa za m'mbali: "Sutikesiyo inali yachitsulo kapena yapepala?" Amaima, amaganiza, n'kutulukira njira ina imene sanapiteko. Ikakanika njira imeneyo, pabwalo pathu timangomuthandiza kunena mzere womaliza tonse pamodzi, ndipo mwini wake amaseka kuposa tonse.

Mitsutso ya tinthu ting'onoting'ono

Lamulo ndi limodzi: foni ikhale m'thumba. Mtsutso wa pa bawo uli ngati nzimbe, kukoma kwake kuli potafuna, osati pomeza. Mnyamata amene amathamangira ku Google mtsutso ukangoyamba amaganiza kuti wathandiza, koma walanda anthu khumi zochita za masana onse. Foni ituluke pamene mawu ayamba kukwera moipa, kapena pamene dzuwa lapendeka ndipo onse agwirizana kuti tsopano tione. Ngakhale pamenepo wogonja ali ndi ufulu wonena kuti, "Za m'fonizo amalemba ndi ana, ine ndinalipo."

Funso labwino ndi la chinthu chimene aliyense amachigwira kapena kuchiona tsiku ndi tsiku osachiyang'anitsitsa. Kumbuyo kwa K500 kuli chithunzi cha chiyani? Mumva za Nyumba ya Malamulo, za nkhokwe za chimanga, za Kapichira. Chikhalirecho ndi damu la Mulunguzi, limene lili pamwamba pa phiri lomwe tikuliyang'anali, ndipo madzi amene tamwa m'mawa achokera momwemo. Pa K100 pali ndani? James Sangala, mmodzi mwa oyambitsa Nyasaland African Congress mu 1944, mwana wa konkuno ku Zomba. Pa K200 ambiri amadziwa kuti pali mayi, koma dzina la Rose Chibambo limatuluka movutikira. Ubwino wa mafunso a ndalama ndi woti yankho lili m'thumba mwa munthu, ndiye uzani onse kuti manja akhale pa mawondo. Kuipa kwake, mwezi ukakhala pakati pamapezeka kuti palibe ali ndi K500 yoti tionerepo, ndipo zimenezo zimasanduka nthabwala ina.

Mtsutso wokoma kwambiri ndi umene onse awiri akunena zoona. Wina akuti boma linachoka ku Zomba mu 1975, wina akulumbira kuti ankaona aphungu akutsika magalimoto kuno m'zaka za m'ma 1980. Palibe wonama: likulu linasamuka mu 1975, koma Nyumba ya Malamulo inatsalira kuno mpaka 1994. Chimodzimodzi za nyanja ya Chilwa. Mdala akuti inaphwa iye ali mnyamata, wazaka makumi anayi akuti ayi, inaphwa iye ali ku pulayimale. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995. Ngati mukudziwa kuti onse akulondola, musafulumire kuwagwirizanitsa. Asiyeni afike potchula mboni zimene zinamwalira kale, kenako mulankhule.

Za mpira ndiye sizitha. Flames inatenga chikho cha East and Central Africa mu 1978, 1979 ndi 1988, koma funsani zaka zimenezi pabwalo muone momwe zisokonekere. Inapita koyamba ku Africa Cup of Nations mu 1984, ndipo mu 2010 ku Angola inathibula Algeria 3-0, mphunzitsi ali Kinnah Phiri. Tsiku limenelo aliyense amakumbukira pamene anali, ndipo mwa anthu khumi, asanu ndi awiri amati anali atalosera. Mafunso ena alibe yankho n'komwe, monga loti pakati pa Kinnah Phiri ndi Ernest Mtawali katswiri anali ndani. Amenewo sungirani tsiku la mvula, pamene mwapanikizana pakhonde la telala ndipo palibe angachoke.

Mukafuna funso la paphiri, funsani kuti Emperor's View inatchedwa choncho chifukwa cha ndani. Ndi Haile Selassie wa ku Ethiopia, amene anafika kuno mu 1965. Mudzadabwa kuti ambiri mwa otsutsanawo anabadwira m'tsinde mwa phirili koma sanakwereko chikhalire. Amati kumeneko n'kwa azungu ndi ogulitsa mabulosi.

Kubetcha kulipo, koma kukhale kwa mtedza kapena botolo limodzi la Sobo. Ndalama yeniyeni ikalowa, kuseka kumatuluka. Ndipo mukakhala kuti inu ndi amene mumadziwa mayankho ambiri, dziletseni. Yankhani limodzi, awiri muwasiye adutse. Munthu wopambana mtsutso uliwonse amayamba kupeza kuti akafika anthu akukamba za nyengo.

Ndale za lero zimabwera zokha ngakhale musaziitane, makamaka chisankho chikayandikira. Sekani za malonjezo, chifukwa amenewo zipani zonse zinatipatsa mofanana. Koma mukaona wina wavula chipewa n'kuchiika pabondo, akuloza mnzake ndi chala, itanani masewero atsopano mokweza mawu.

Kachokedwe

Mukapambana musanyamuke nthawi yomweyo. Mupatseni mnzanu mwayi wobweza, ngakhale kunyumba akudikira ndiwo. Wothawa atapambana amatchedwa wakuba, ndipo dzinalo limakhala mwezi. Mukagonja mukhoza kupita nthawi iliyonse, bola musanamizire mutu kapena dzuwa. Nenani kuti mukukaphunzira.

Mukamva kuti mmodzi wa pabwalo waferedwa kapena wagonekedwa m'chipatala, sonkhani nawo kangachepe ndipo kaonekereniko. Anthu amene mwakhala mukuwaseka chifukwa cha nyumba yosagwetsa adzakhala atakhala pamodzi kuseri kwa siwa, ndipo adzaona amene sanabwere. Bawo imayambiranso pakapita masiku, ndipo woferedwayo akabwerera musamuchitire ulemu wachilendo. Mudyeni nkhomo monga mwa masiku onse, chipongwe chokha chiyambe ndi iye.

Tsanzikani onse, osati anzanu okha, ndipo pochoka siyani funso limodzi losayankhidwa. Imirirani, sansani fumbi kumbuyo, muti, "Madala, pa K50 pali mfumu iti? Musatulutse, tikambirana mawa." Ena ati M'mbelwa, ena ati Gomani, ndipo mukamafika pamsewu wa tala mudzakhala mukumvabe phokoso kumbuyo. A Gomani ndi amene akulondola, koma musawauze musanakwere kabaza.